Ulusi Woyera wa mu Ubongo ndi Ukalamba wa Munthu

Nkhani ya zaumoyo yokambidwa pa wailesi, yofotokoza zimene makina ojambula m'kati mwa mutu aonetsa za kukalamba kwa ubongo, ndi phindu lake kwa anthu a kuchigwa kwa Dedza

Aliyense amene adaonererako mbuzi kapena ng'ombe ikusendedwa pa ukwati, pa sadaka kaya pa msika wa Golomoti, nakhala pomwepo mpaka mutu utaswedwa, akudziwa kuti ubongo suli wa maonekedwe amodzi. Kunja kwake nkotuwa ndiponso kopindikapindika, koma mpeni ukalowa m'kati umapeza mnofu wina woyera ngati nsima ya ufa wokonola. Ubongo wa munthu nawonso uli chimodzimodzi. Kwa zaka zambiri akatswiri a sayansi ankaika mtima pa chigawo chotuwacho, poti ndimo muli maselo amene amaganiza, kukumbukira ndi kulamula ziwalo, ndipo choyeracho sankachilabadira kwenikweni. Lero zadziwika kuti zambiri mwa zimene zimaoneka pa munthu wokalamba, monga kuzengereza poyankha, kuyenda mokoka mapazi ndi kusokonezeka ntchito zikachuluka, zimayambira m'chigawo choyeracho. Zadziwikanso kuti mdani wamkulu wa chigawo chimenechi ndi nthenda imene ingathe kupimidwa pa chipatala cha Mua m'mphindi zowerengeka.

Ulusi ndi chikuto chake

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo uli ndi maselo onyamula mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi kamchira konga ulusi, kamene kamatumiza uthenga kwa maselo ena. Ulusi wina ndi waufupi, koma wina umachoka kutsogolo kwa mutu kukafika kunkhongo, wina umaoloka kuchoka kumanja kupita kumanzere, ndipo wina umatsika mpaka mu msana. Ulusi umenewu ukasonkhana m'mitolo zikwi ndi zikwi, ndiwo umapanga chigawo choyera chija, chimene chimatenga pafupifupi theka la ubongo wonse.

Pa Golomoti pali malo opangira magetsi kuchokera ku dzuwa, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Magetsi opangidwa pamenepo, ngakhale atachuluka chotani, sangayatse nyale m'nyumba ya munthu popanda nthambo zowanyamula. Ubongonso uli motero. Mlimi akaona njoka m'munda wa thonje, maso amaona, chigawo china chimazindikira kuti imeneyi ndi njoka osati chingwe, china chimadzutsa mantha, ndipo china chimalamula mwendo kuti ubwerere m'mbuyo. Zigawo zimenezi nzotalikirana, ndipo chimene chimazilumikiza m'kuphethira kwa diso ndi ulusi woyera uja.

Kuyera kwakeko kumachokera ku mafuta amene amakuta ulusiwo, monga momwe pulasitiki imakutira nthambo za magetsi za m'nyumba. Mafuta amenewa amatchedwa mayelini, dzina limene adawapatsa dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, m'chaka cha 1854. Ntchito yake nkufulumiza uthenga. Mu ulusi wopanda chikuto uthenga umayenda mtunda wa mita imodzi kapena iwiri pa sekondi, pamene mu ulusi wokutidwa bwino ungathe kuthamanga mamita oposa 100 pa sekondi yomweyo. Mwana wakhanda amabadwa ulusi wake wambiri usanakutidwe, nchifukwa chake amayamba ndi kukhala, kenaka kukwawa, pambuyo pake nkuyenda dededede. Kukutidwaku kumapitirira pa unyamata ponse mpaka munthu atafika zaka za m'ma 30. Ulusi wa kutsogolo kwa mutu, kumene kumachokera kudziletsa ndi kulinganiza za mawa, ndiwo umakhwima pomalizira, ndipo ndi womwewonso umene umayamba kufooka ukalamba ukafika.

Akatswiri a ku Denmark adafalitsa m'chaka cha 2003 zimene adapeza atayeza ulusi umenewu m'maubongo a anthu omwalira. Adapeza kuti mnyamata wa zaka 20 ali ndi ulusi wokutidwa wotalika pafupifupi makilomita 176,000, ndipo mtsikana wa msinkhu womwewo makilomita 149,000. Ulusi wa mnyamatayo, utalumikizidwa nkutambasulidwa, ungazungulire dziko lonse lapansi kanayi. Adapezanso kuti pa zaka khumi zilizonse umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kotero kuti pofika zaka 80 munthu amakhala atataya pafupifupi magawo 45 pa 100 alionse. Umene umatha msanga ndi ulusi wopyapyala kwambiri, pamene wochindikala umapirira.

Kuona m'mutu mwa munthu wamoyo

Kale zonsezi zinkaoneka pokhapokha munthu atamwalira. Dokotala wina, Otto Binswanger, adafotokoza m'chaka cha 1894 za odwala amene nzeru zawo zinkazilala pang'onopang'ono, ndipo atamwalira chigawo choyera cha ubongo wawo chidapezeka chofota. Kuwala kwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen adakutulukira m'chaka cha 1895, sikudathandize kwenikweni pa nkhani imeneyi, pakuti kumaonetsa bwino mafupa koma ubongo umangobisala m'chigaza. Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1971, pamene makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield, adajambula kwa nthawi yoyamba m'mutu mwa wodwala mu mzinda wa London. Pambuyo pake padabwera makina a MRI, ochokera m'nzeru za Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield, amene adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2003.

Kagwiridwe ka ntchito ka makina a MRI nkosavuta kumva kwa munthu wozolowera wailesi. Thupi la munthu ndi madzi kwakukulu, ndipo m'madzi muli tinthu tating'ono kwambiri timene timachita ngati singano ya kampasi. Wodwala akagonekedwa m'kati mwa maginito amphamvu, tinthu timeneti timafola kuloza mbali imodzi. Kenaka makinawo amatumiza mafunde a wailesi amene amatikankha kuti tipendeke. Mafundewo akaleka, tinthu tija timabwerera m'malo mwake, ndipo pobwererapo timatulutsa kamawu kakekake kamene makina amatola monga momwe wailesi imatolera mawu mu mpweya. Madzi a m'mafuta amayankha mosiyana ndi madzi a m'malo otupa kapena ofota, tsono kompyuta imasandutsa kusiyanako kukhala chithunzi. Palibe mpeni, palibe magazi, ndipo munthu amadzuka nkumapita.

M'chaka cha 1994 Peter Basser ndi anzake ku America adaonjezera luso lina. Iwo adaona kuti madzi a mu ulusi wabwino amayenda motsata ulusiwo, monga madzi a mu ngalande yosamalidwa bwino, koma chikuto chikang'ambika madzi amamwazikira mbali zonse. Poyeza kayendedwe kameneka, akatswiri amatha kujambula misewu ya mu ubongo ndi kuona pamene yayamba kuwonongeka, ngakhale pamene chithunzi wamba chikuonetsa ngati zonse zili bwino.

Ku Malawi makina oyamba a MRI adafika m'chaka cha 2008 pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, mwa khama la Dokotala Terrie Taylor wa ku Michigan State University, ndipo katswiri amene ankawerenga zithunzi zake adali Dokotala Sam Kampondeni. Cholinga choyamba chidali kufufuza malungo a mu ubongo, nthenda imene makolo a m'mphepete mwa nyanja amaidziwa bwino lomwe. Zotsatira zidafalitsidwa m'chaka cha 2015. Mwa ana 168 amene adajambulidwa, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa omwalirawo ubongo wawo udali wotupa kwambiri. Madokotala a dziko lonse adaphunzira kuchokera ku Blantyre chimene chimapha ana ambiri ogwidwa ndi nthendayi. Makina omwewo adajambulanso akuluakulu, ndipo zimene adaonetsa zikukhudza nkhani ya ukalamba, monga zimveka patsogolopa.

Mawanga a pa chithunzi

Madokotala atayamba kujambula anthu achikulire ambiri, adadabwa ndi chinthu chimodzi. Ngakhale mwa anthu amene sankadandaula kanthu, m'chigawo choyera munkaoneka mawanga. Pa mtundu wina wa chithunzi cha MRI, ulusi wabwino umaoneka woderako, pamene malo owonongeka amawala mbee, ena ang'onoang'ono ngati mbewu za mapira, ena olumikizana ngati mitambo. M'chaka cha 1987 Vladimir Hachinski wa ku Canada ndi anzake adalemba za kufota kumeneku nakupatsa dzina, ndipo m'chaka chomwecho Franz Fazekas, dokotala wa ku Austria, adakonza muyeso wake umene madokotala akugwiritsabe ntchito. Muyesowo umayambira pa 0, kutanthauza kuti palibe banga, 1 ndiye timadontho tapatalipatali, 2 ndi mawanga amene ayamba kukhudzana, ndipo 3 ndi mawanga aakulu amene agwirana.

Kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa m'chaka cha 2001 adajambula anthu 1,077 a zaka za pakati pa 60 ndi 90. Anthu asanu okha pa 100 alionse ndiwo adapezeka opanda banga ndi limodzi lomwe. Izi zikuonetsa kuti timadontho towerengeka ndi mnzake wa imvi, ndipo munthu sayenera kutaya mtima chifukwa cha ito. Nkhani imakula mawangawo akachuluka. Kafukufuku wina wa ku Ulaya adatsatira anthu 639 a zaka za pakati pa 65 ndi 84, amene poyamba ankadzichitira okha zinthu. Mwa amene adali ndi mawanga ochepa, pafupifupi 10 pa 100 alionse pa chaka ndiwo ankafika posowa wowathandiza kapena kumwalira, koma mwa amene adali ndi mawanga aakulu chiwerengerocho chidafika pafupifupi 30. M'chaka cha 2010 Stéphanie Debette ndi Hugh Markus adasonkhanitsa zofufuza zambiri za mtundu umenewu, napeza kuti munthu wa mawanga ochuluka ali pa ngozi yodwala sitiroko, nthenda yofa ziwalo ija, kuposa mnzake katatu, ndipo ngozi yodwala matenda ozilala nzeru ndi yowirikiza pafupifupi kawiri.

Popeza chimene chawonongeka ndi njira za mauthenga, zizindikiro zake zimakhala za kuchedwa. Mayi wachikulire amene kale ankagulitsa tomato pa msika wa Mtakataka, uku akuwerengera chenje, uku akuyankha moni, uku akuyang'anira mdzukulu, tsopano amafuna kuti zinthu zibwere chimodzichimodzi. Akafunsidwa funso amakhala kaye chete, koma yankho likabwera limakhala lolondola. Bambo amene ankakwera njira ya Khwekhwelere wapansi amayamba kuponda timasitepe tatifupitifupi, mapazi osanyamuka bwino, ndipo amagwa kawirikawiri. Ena mkodzo umawapana mwadzidzidzi osatha kuugwira. Ena amagwidwa mphwayi, osafunanso kupita ku dimba, ku tchalitchi kaya ku mzikiti, ndipo abale amayesa ulesi kapena kunyada. Izi zimasiyanako ndi nthenda ya Alzheimer, imene imayamba ndi kuiwala zinthu zongochitika kumene chifukwa cha kufa kwa maselo a m'chigawo chotuwa, ngakhale kuti mwa okalamba ambiri mavuto awiriwa amapezeka pamodzi.

Komabe pali zimene ukalamba wamba suchotsa. Mawu amene munthu adaphunzira, mbiri ya mudzi, malire a minda, mayina a makolo ndi luso loweruza milandu zimakhalabe, ndipo kudziwa mawu kumapitirira kukula mpaka munthu atachita imvi. Zambiri za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao zimene zidasonkhanitsidwa pa Kungoni ku Mua, malo amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, zidachokera m'mitu ya nkhalamba. Nkhokwe imakhala yodzaza, chimene chawonongeka ndi njira yopita ku nkhokweko. Akale adati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo wofuna kuwamva ayenera kuphunzira kudikira.

Munda wa kumapeto kwa ngalande

Funso lalikulu ndi lakuti mawangawa amadza chifukwa chiyani, nanga bwanji ena amakhala nawo ambiri pamene anzawo a msinkhu womwewo ali nawo ochepa. Yankho lagona pa mitsempha ya magazi. Pa Chichewa mawu akuti mitsempha amatchula zinthu ziwiri, njira za mauthenga ndi njira za magazi, ndipo mu ubongo zoyambazo zimadalira zachiwirizo. Ubongo ndi magawo awiri okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wabwino umene thupi limagwiritsa ntchito. Sutha kusunga chakudya cha mawa, choncho magazi akachepa, nthawi yomweyo umavutika.

Alimi a mpunga a mu sikimu ya Bwanje Valley, imene imapatutsa madzi mu mtsinje wa Namikokwe, akudziwa lamulo la ngalande. Madzi akachepa, kapena ngalande ikadzala matope, munda woyamba kuuma ndi wa kumapeto. Mitsempha ikuluikulu ya magazi imayenda pamwamba pa ubongo, ndipo kuchokera pamenepo timitsempha tating'ono, topyapyala ngati tsitsi, timalowa m'kati mtunda wautali. Chigawo choyera ndicho munda wa kumapeto kwa timitsempha timeneti. Magazi akamathamanga mopitirira muyeso kwa zaka zambiri, zipupa za timitsemphati zimachindikala ndi kuuma, njira ya m'kati imachepa, ndipo nthawi zina timadontha. Maselo opanga chikuto cha ulusi amasowa chakudya, chikutocho chimayamba kusendeka, ndipo pamalopo pamadzala madzi. Madzi amenewo ndiwo amawala pa chithunzi. Kamtsempha kakatsekekeratu, kachigawo kakang'ono ka ubongo kamafa mwakachetechete, mwini wake osadziwa. Matenda a shuga ndi kusuta fodya nazonso zimawononga timitsempha tomweti.

Nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri amangoti BP, si ya anthu a m'tauni okha ayi. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka za pakati pa 25 ndi 64, mmodzi mwa atatu alionse adali nayo, ndipo oposa 90 pa 100 alionse mwa iwowa sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, Dokotala Laura Benjamin ndi anzake adafufuza odwala sitiroko 222, ambiri mwa iwo atawajambula ndi makina a MRI aja, nawayerekeza ndi anthu 503 a m'madera omwewo. Zotsatira zofalitsidwa m'chaka cha 2016 zidaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kudali gwero la pafupifupi magawo 46 pa 100 a nthendayi, ndipo kachilombo ka HIV magawo 15. Tsono mdani amene adaoneka pa zithunzi za ku Ulaya ndi yemweyo amene adaoneka pa zithunzi za ku Blantyre.

Chotonthoza mtima nchakuti mdani ameneyu amagonja. M'chaka cha 2019 madokotala a ku America adafalitsa zimene adapeza atagawa odwala BP m'magulu awiri, lina lolandira mankhwala mwa masiku onse, lina lotsitsidwa magazi mwamphamvu ndithu. Patapita zaka pafupifupi zinayi mawanga adakula m'magulu onse awiri, koma m'gulu lachiwirilo adakula pang'ono. Banga limene lakhazikika kale silichoka msanga ndi mankhwala, koma kufalikira kwake kungathe kuchedwetsedwa. Ulusi woyera nawonso suli ngati nthambo yakufa. Akatswiri a ku Oxford adaonetsa m'chaka cha 2009 kuti achinyamata amene adaphunzira kwa milungu isanu ndi umodzi masewera oponya ndi kuwakha timipira tingapo nthawi imodzi, ulusi wawo udasintha m'malo olumikiza maso ndi manja. Kafukufuku wina wa ku America wa m'chaka cha 2021 adapeza kusintha kwabwino mu ulusi wa achikulire amene adayenda ndawala kapena kuvina katatu pa mlungu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Gogo amene akuvinabe ngoma kapena chimtali akudzisamalira m'njira imene madokotala akuivomereza.

Pamene nkhalamba yasintha

Amalawi akukhala ndi moyo wautali tsopano kuposa kale. M'chaka cha 2000 mwana wobadwa ankayembekezeka kukhala zaka zosafika 50, koma lero chiyembekezocho chapitirira zaka 60. Motero midzi ya kwa Inkosi Kachindamoto, monganso midzi ina yonse, idzakhala ndi okalamba ochuluka, ndipo mabanja ambiri adzaona ndi maso awo zimene zafotokozedwa pano. Zimene banja limaganiza poona zizindikirozi ndizo zimalamula ngati gogo athandizidwe kapena azunzidwe.

Munthu amene ubongo wake wawonongeka kwambiri angathe kudzuka usiku nkusochera, napezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake kapena pafupi ndi manda, mwina wosavala mokwanira. Akafunsidwa chimene akufuna amasowa chonena, kapena amangovomera chilichonse chimene anthu okwiya akumuuza. Angathe kulankhula ndi anthu amene adamwalira kalekale, kapena kutukwana pamene kale adali waulemu. Pamudzi zotere zimathamangira kutchedwa ufiti. M'mwezi wa January chaka cha 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa m'boma la Neno powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo limafika pamudzi mochedwa, pamene chidziwitso chingathe kukhala pomwepo usiku umenewo. Nyakwawa, mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kaya mkulu wa mpingo amene akudziwa kuti kusochera kwa gogo kuli ndi chithunzi chake, chooneka ndi maso ngati fupa lothyoka, angathe kuimitsa khamu la anthu ndi kupulumutsa moyo.

Nkofunikanso kusiyanitsa kusintha kwa pang'onopang'ono ndi kwa mwadzidzidzi. Kufota kwa ulusi woyera kumatenga miyezi ndi zaka. Koma wachikulire amene dzulo adali bwinobwino, lero nkuyamba kubwebweta kapena kusazindikira abale ake, kawirikawiri amakhala ndi nthenda ina yochizika, monga malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi pa nyengo yotentha ya kuchigwa, kaya kutsika kwa shuga. Wotereyo afunika kupita naye ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso munthu amene kamwa yapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi walefuka, kaya lilime lalemera mwadzidzidzi, ngakhale zitatha zokha patapita mphindi zochepa. Limenelo ndi chenjezo la sitiroko, ndipo kutaya masiku pofunafuna amene walodza kumangopatsa nthenda mpata. Enanso amaoneka ngati asokonezeka pamene vuto ndi makutu kapena maso okha, zinthu zimene a chipatala angathe kuziona.

Zimene zili m'manja mwa aliyense

Makina a MRI ndi okwera mtengo, ndipo anthu ambiri a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka sadzagonamo pa moyo wawo wonse. Phindu la makinawa kwa iwo ndi phunziro limene atulutsa, ndipo phunzirolo limagwira ntchito ndi kachipangizo kakang'ono komanga pa mkono, kamene kamapezeka pa chipatala cha Mua ndi pa zipatala zing'onozing'ono. Muyeso ukamafika pa 140 pa 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira. Nthendayi simva kuwawa, ndipo munthu angathe kulima, kupalasa bwato ndi kudya bwino kwa zaka khumi uku timitsempha ta mu ubongo tikuuma. Nchifukwa chake nthawi yabwino yoyamba kupimitsa ndi pamene munthu akali ndi mphamvu, pa zaka 30 kapena 40, pakuti BP ya pa msinkhu umenewu ndiyo imabala mawanga a pa zaka 70. Wopimidwa kamodzi nkupezeka ali bwino abwererenso chaka chamawa.

Wopatsidwa mankhwala ayenera kumwa tsiku ndi tsiku monga mwa malangizo a dokotala, osaleka poona kuti thupi lili bwino, chifukwa mankhwalawa amagwira nthendayi osati kuichotseratu. Mchere uchepe m'ndiwo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi mchere umene uli kale mu nsomba zouma ndi zakudya zogula. Chizolowezi chothira mchere wina pambali pa mbale nchoyenera kuchisiya. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, ngwoyenera kumuleka, kachasu nayenso amakweza magazi, ndipo odwala shuga ndi amene ali pa mankhwala a HIV asadumphe masiku awo a ku chipatala.

Kwa gogo amene wayamba kale kuchedwa, mankhwala ena ali m'manja mwa banja. Polankhula naye, nkhani ibwere imodzi, ndipo apatsidwe nthawi yoyankha. Pabwalo pachotsedwe miyala ndi zitsa, njira ya ku chimbudzi ikhale yosalala ndi yowala usiku, ndipo ndodo yoyendera isachititse manyazi. Asalandidwe ntchito zonse pomuchitira chifundo, koma apitirize kusankha mbewu, kuluka mphasa, kutongola chimanga ndi kukhala nawo pa bwalo la milandu, pakuti ulusi umene ukugwira ntchito ndiwo umachedwa kufota. Anansi auzidwe poyera kuti agogo akudwala, kuti tsiku limene adzasochere, wowapeza adzawagwire dzanja ndi kuwaperekeza kwawo.